Galu wanu wamkazi: kumutsekera, kumubayitsa kapena opareshoni, bola chiti?

Nkhani yoteteza galu wamkazi kuti asatenge bere ambiri timayamba kuiganizira mochedwa, tsiku lomwe taona timadontho ta magazi pomwe galu amagona, kapena agalu aamuna osadziwika kwawo ayamba kuswera pageti, usiku wonse kulira ndi kulumana osagonetsa anthu tulo. Nde pamenepo alangizi amachuluka, uyu akuti kamubayitseni jakisoni, uyo akuti musiyeni aswe kaye kamodzi, wina akuti opareshoni basi nkhani ithe. Njira zonsezi zilipodi koma sizofanana olo pang'ono, ndipo yomwe imaoneka yophweka ija ndi yomwe ine ndimaiopa kuposa zinzake. Kuti mumvetse chifukwa chake mpofunika kudziwa kaye zomwe zimachitika m'thupi mwa galuyo.

Galu wamkazi amalowa hiti (nyengo yofuna mwamuna) yoyamba ali ndi miyezi pafupifupi 6, koma zimatengera mtundu wake. Tiagalu tating'onoting'ono timatha kuyamba pa miyezi 4 kapena 5, pomwe zimphona ngati Great Dane zimatha kufika miyezi 18 kapena zaka 2 zisanayambe. Ikayamba imabweranso pakatha miyezi 6 kapena 7, ndiye kuti kawiri pachaka kwa agalu ambiri, ngakhale Basenji ndi kamodzi kokha pachaka. Ndipo galu sasiya chifukwa cha ukalamba mmene amayi amasiyira kusamba ayi, wazaka 10 amalowabe hiti ndipo atha kutenga bere, kungoti mpata wake umatalikirako.

Hitiyo payokha ili pawiri. Masiku pafupifupi 9 oyamba kumaliseche kumatupa, magazi amatuluka, amuna amabwera koma iye amawakana, kuwakalipira kapena kungokhala pansi osadzuka. Kenako magazi aja amachepa nkusanduka otumbululuka ngati asungunulidwa ndi madzi, ndipo apa ndi pomwe eni ake ambiri amapusitsika, amvekere zatha izi, nkumumasula. Chonsecho ndi pomwe zayamba kumene! Masiku ena pafupifupi 9 otsatirawa ndi omwe amalola mwamuna, amaima nji nkupatutsira mchira kumbali. Nambala ya 9 imeneyi ndi yapakatikati chabe, gawo lililonse litha kufupika mpaka masiku 3 kapena kupitirira masabata awiri, nde kuwerenga masiku pa kalendala musakudalire kwambiri. Komanso umuna wa galu umakhala wamoyo m'kati mwa mkazi pafupifupi sabata yathunthu, nchifukwa chake ana a bere limodzi amatha kukhala a atate awiri kapena atatu osiyana, wina wakuda wina wamawangamawanga inu nkumadabwa.

Tsono gawo lomwe anthu salikamba ndi la pambuyo pa hiti. Homoni ya progesterone, yomwe ntchito yake ndi kusunga bere, imakhala yokwera kwa miyezi iwiri hiti ikatha, kaya galuyo anakweredwa kaya sanamuone nkomwe mwamuna. Thupi lake silisiyanitsa kwenikweni. Bere lenileni limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo uyu wopanda bereyu naye amadutsa masiku ofanana ndi omwewo chiberekero chikukonzekera ana omwe kulibe, khoma lake kukhuthala, timadzi kusonkhana m'kati, khomo kutsekeka, chitetezo cha m'menemo kutsika. Homoniyo ikamatsika ina yotchedwa prolactin imakwera, nde agalu ena amachita bere labodza, mawere kudzaza mkaka, kupalasa pogona, kutola nsapato kapena kachidole nkumakasamala ngati mwana, kukana kudya. Kawirikawiri zimatha zokha pakapita masabata awiri kapena atatu, bola osamakama kapena kusisita mawerewo chifukwa mukatero mkaka umangowonjezereka. Zikatha izi thupi limapuma miyezi pafupifupi 4 nkuyambiranso. Progesterone-yo musaiiwale, ndi mwini filimu pa nkhani yonseyi.

Kumusiya mmene alili nkumamutsekera

Iyi ndi njira yeniyeni ndithu, ndipo m'maiko ena ndi yomwe ambiri amatsata. Ku Norway mwachitsanzo lamulo silikulola kungomuchita galu opareshoni yotseketsa popanda chifukwa chomveka. Ubwino wake ndi wosavuta kuuona, palibe mpeni, palibe mankhwala ogonetsa, mahomoni ake ali m'malo mwake nde mafupa amakula nkuima pa nthawi yake, ndipo vuto la kudontha mkodzo lomwe tilikambe kutsogoloku silichitikachitika. Ngati muli ndi galu wabwino woti mukufunadi ana ake, mwamuyezetsa, ndipo mukudziwa komwe ana 6 kapena 10 akapite, njira ndi yomweyi.

Koma ntchito yake muidziwiretu. Ndi masabata atatu kapena anayi, kawiri pachaka, kwa moyo wake wonse, galu asakumane ndi mwamuna ngakhale kwa mphindi zisanu. Mpanda woti umamukwanira masiku onse sukwanira nthawi imeneyi chifukwa amuna amalumpha, amakumba pansi, ena amakwera kudzera pa waya pomwepo, ndipo mkaziyo naye akafika masiku olola aja amafuna kutuluka ndi mphamvu zake zonse. Kumumanga patcheni panja ndiye koipitsitsa, mwangowasungira amuna aja kuti asavutike kumusaka. Matewera a agalu ndi oteteza mipando yanu ku magazi basi, bere sateteza. Ngati pakhomo pali wamwamuna wosafula, olo akhale mchimwene wake kapena tate wake, agalu za chibale sadziwa, pafunika zitseko ziwiri pakati pawo ndipo mukonzekere kumva kulira kwake osadya sabata yonse. Zikachitika kuti mwawapeza atamatana, chonde musawathire madzi, musawamenye kapena kuwakoka. Mbali ina ya chida cha mwamunayo imatupa m'kati, zimatenga mphindi 5 mpaka 30 kuti iphwe, umuna umakhala utalowa kalekale, nde kuwalekanitsa kumangowavulaza onse awiri popanda chomwe mwapewa. Kukwerana ndi agalu osadziwika nkomwenso kumabweretsa TVT, khansa yodabwitsa yomwe maselo ake enieniwo amasamuka kuchoka pa galu uyu kupita pa uyo pokwerana, imaoneka ngati kanyama kofiira kotuluka magazi kumaliseche ndipo ndi yofala komwe agalu amangoyendayenda. Imachira ndi jakisoni wa vincristine wa mumtsempha, sabata ndi sabata kangapo, koma ndi ulendo wautali.

Ngozi yaikulu ya njira imeneyi si bere ayi, ndi pyometra, chiberekero kudzaza mafinya. Hiti iliyonse khomo limatseguka, mabakiteriya makamaka E. coli amalowa, kenako progesterone imatseka khomo lija ndi kuwakonzera malo abwino oswanirana. Chaka ndi chaka khoma la chiberekero limanka lisintha nde chiopsezo chimakula ndi msinkhu. Ku Sweden, komwe agalu aakazi ambiri anali osatseketsa komanso ali pa inshulansi, kafukufuku wa 2001 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse amakhala atadwala matendawa pofika zaka 10. Mmodzi mwa anayi, anthuni. Matendawa amabwera mwezi umodzi kapena iwiri hiti itatha, galu amangomwa madzi osalekeza, kukodza pafupipafupi, kufooka, kukana chakudya, kusanza, nthawi zina mimba kufufuma. Khomo likakhala lotseguka mafinya onunkha amatuluka nde mumadziwa msanga, koma likakhala lotseka simuona kanthu kunjaku, galu amangotha mwakachetechete ndipo chiberekero chitha kuphulika kapena impso kuwonongeka. Mankhwala ake odalirika ndi opareshoni yomweyo yomwe munkaipewa, kungoti pano ikuchitika mwadzidzidzi pa galu wokalamba, wodwala, magazi ali ndi poizoni. Aliyense wosankha njira yosiya galu mmene alili aziloweze zizindikiro zimenezi, komanso azisisita mawere ake mwezi ndi mwezi kufufuza timibulu, poti zotupa za m'mawere ndi zofala kwa agalu osatseketsa ndipo pafupifupi theka lake zimakhala khansa.

Za kuswa kamodzi kaye zija, kuti ati galu akhazikike mtima kapena thupi litsukike, palibe umboni uliwonse. Galu sakhala ndi chisoni choti sanaberekepo. Chomwe mumapeza ndi ana oti muwasakire kokhala, ndi ngozi za pobereka zomwe kwa mitundu ya mitu ikuluikulu ngati Bulldog zimathera kumpeni komweko.

Jakisoni ndi mapiritsi

Apa nde pomwe pamakopa anthu, jakisoni mmodzi miyezi ingapo muli phee, osadula, osasoka. Koma funsani kuti mu sirinjimo muli chiyani. Mankhwala ambiri oletsa hiti, kaya ndi medroxyprogesterone yomwe ili mu Depo-Provera, kaya mapiritsi a megestrol acetate, kaya proligestone, onsewa ndi progesterone yochita kupanga. Ndiye kuti homoni yomwe ija imakhuthalitsa chiberekero ndi kutsekera mabakiteriya m'kati kwa miyezi iwiri, inu mukuiika m'thupi kuti ikhalemo miyezi yambiri, nkumabwereza. Zotsatira zake ndi zodziwika bwino kwa madokotala a ziweto, pyometra, zotupa za m'mawere, kunenepa, ndi shuga chifukwa mankhwalawa amapangitsa mawere a galu kutulutsa homoni yokulitsa thupi yomwe imalimbana ndi insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Ndipo zimaipiraipira jakisoniyo akabayidwa hiti itayamba kale, yomwenso ndi nthawi yeniyeni yomwe eni ake ambiri amathamangira kukamufuna, magazi ataoneka. Akabayidwa galu woti ali ndi bere losadziwika, kubereka kumatha kukanika ana nkufera m'mimba.

Sikuti alibiretu ntchito. Dokotala wodziwa atha kugwiritsa ntchito mlingo woyenera, pa nthawi yomwe thupi likupuma, kuti achedwetse hiti imodzi, mwina galu ali ndi ulendo kapena ntchito ina yake. Kamodzi, atamuyeza. Koma kuti ikhale njira yolerera ya chaka ndi chaka, ayi ndithu, ndipo jakisoni wa anthu wongogula nkumubaya nokha pongoyerekeza mlingo ndiye ndimakana ndi mtima wonse. Mapiritsi olerera a amayi nawo musayerekeze nkomwe, thupi la galu limayenda mosiyana kotheratu ndipo homoni ya estrogen yomwe imakhala m'mapiritsi ambiri otere ikachuluka imatha kuwononga mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi.

Pali kachipangizo kena koika pansi pa khungu, deslorelin, komwe kamagulitsidwa ndi dzina loti Suprelorin. Aka si progesterone, kamagwira ntchito pozimitsa mahomoni kuchokera ku ubongo, ndipo kamadziwika kwambiri kwa agalu aamuna. Kwa mkazi wamkulu vuto lake nloti poyamba kamadzutsa hiti kasanaizimitse, nde mumamutsekerabe, komanso si paliponse pomwe kamapezeka.

Nanga ngozi ikachitika, wakweredwa musakufuna? Pali jakisoni wa aglepristone, ambiri amamudziwa kuti Alizin, amabayidwa kawiri motalikirana maola 24 ndipo amagwira mpaka tsiku la 45 la bere, ngakhale kuchita msanga nkwabwino. Ameneyu ndi wosiyana ndi majakisoni akale a estrogen omwe ankabweretsa pyometra. Koma ngati simukufuna ana mpaka kale, dokotala atha kungochita opareshoni bere likadali laling'ono, zonse nkuthera pomwepo.

Opareshoni

Imachitika galu atagonetsedwa, ndipo ilipo mitundu ingapo. Yofala ndi yochotsa timatumba ta mazira tonse tiwiri pamodzi ndi chiberekero. Ina, yomwe madokotala ambiri a ku Ulaya amaikonda, ndi yochotsa timatumba tokha nkusiya chiberekero ngati chili bwino. Anthu amadabwa kuti nanga chiberekero chotsalacho sichidzadzaza mafinya? Ayi, popanda timatumba palibe progesterone, chimangofota, bola galuyo asadzapatsidwenso mankhwala a mahomoni aja. Zotsatira za ziwirizi pakapita nthawi ndi zofanana, nde apa musalimbane ndi dokotala wanu, achite yomwe manja ake anazolowera. Yodzera pa timabowo ndi kamera imapweteka pang'ono ndipo galu amachira msanga, koma imafuna zida zapadera. Palinso yachinayi, yochotsa chiberekero chonse nkusiya timatumba, kuti mahomoni akhalebe. Galu satenga bere koma hiti imabwerabe, amuna amabwerabe pageti, chiopsezo cha zotupa za m'mawere chilipobe, ndipo kakatsala kachidutswa ka chiberekero katha kuchita mafinya. Ine ndimaiona ngati ya anthu ochepa omwe aganizira bwinobwino.

Chomwe mumapindula ndi opareshoni yochotsa timatumba nchachikulu, bere kulibe, hiti kulibe, bere labodza kulibe, pyometra kulibe. Pa khansa ya m'mawere pali manambala omwe amatchulidwa paliponse, ochokera ku kafukufuku wa ku California wa 1969, oti wotseketsa asanalowe hiti yoyamba amatsala ndi 0.5 peresenti ya chiopsezo cha wosatseketsa, pambuyo pa hiti imodzi 8 peresenti, pambuyo pa ziwiri 26 peresenti. Mu 2012 akatswiri a ku Royal Veterinary College, sukulu ya madokotala a ziweto ya ku England, ataunikanso kafukufuku yense wa nkhaniyi anati umboni wake ndi wofookerapo kusiyana ndi mmene anthu amaukambira. Chitetezo chikuoneka kuti chilipo, koma kwa ine chifukwa cholimba chotseketsera ndi pyometra, pamenepo palibe mtsutso.

Zoipa zake nazo tizinene osabisa. Mankhwala ogonetsa ali ndi ngozi yake, yaing'ono kwa galu wathanzi koma ilipo. Galu wotseketsa amafuna chakudya chocheperako pomwe njala yake imakwera, nde mukapitiriza mbale yomweyo amanenepa, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa mbaleyo ndi kumuyendetsa, palibenso china. Ena, makamaka akuluakulu ngati Doberman, Boxer ndi Rottweiler, amadzayamba kudontha mkodzo akagona, mwina patapita zaka, mumangopeza pogona panyowa iye osadziwa. Musamukalipire, mankhwala ngati phenylpropanolamine kapena estriol amathandiza ambiri ngakhale amamwa moyo wonse. Mitundu ina ngati Spaniel ubweya umasintha nkukhala wanyankhalala. Zoti asiya kulondera kapena asanduka chitsiru ndi nkhambakamwa, wouwa amauwabe, komanso musayembekezere kuti opareshoni ichiza ukali, kwa wamkazi wamantha kale nthawi zina zimawonjezera.

Funso lenileni lomwe latsala ndi loti liti. Mahomoni a timatumba aja ndi omwe amauza mafupa aatali kuti siyani kukula. Mukawachotsa msanga mafupa amapitirira pang'ono, kaimidwe ka miyendo kamasintha, ndipo kwa galu wolemera zimenezi zimaonekera m'chiuno ndi m'mawondo. Akatswiri a ku University of California, Davis anayamba ndi Golden Retriever mu 2013, kenako Labrador, ndipo pa German Shepherd mu 2016 anapeza kuti aakazi otseketsa asanakwane chaka, 16 pa 100 aliwonse anali ndi vuto la molumikizana mafupa pomwe osatseketsa anali 5 okha. Mu 2020 anatulutsa za mitundu 35, ndipo kwa tiagalu tating'ono vuto limeneli silinaoneke. Malangizo a 2019 a AAHA, bungwe la zipatala za ziweto la ku America, amaika malire pa makilo pafupifupi 20, wochepera pamenepo atseketse pa miyezi 5 kapena 6 hiti yoyamba isanafike, wopitirira pamenepo mukambirane ndi dokotala pakati pa miyezi 5 ndi 15.

Nde ine ndikanati chonchi. Kagalu kakang'ono koti simukufuna ana ake, musadikire chilichonse, miyezi 6 isanakwane kapiteni nako. Galu wamkulu, ngati muli ndi chipinda chokhoma ndi anthu apakhomo omvera, mupirire hiti imodzi amalize kukula kenako opareshoni. Koma ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti mpanda wanu uli ndi mabowo, kapena galu amagona panja, kapena ana amaiwala kutseka geti, musadzinamize ndi kafukufuku wa mawondo, bere pa miyezi 8 galu akadali mwana ndi loipa kuposa, tseketsani msanga. Woweta kuti aziswa, akamaliza bere lomaliza amutseketse osadikira ukalamba. Ndipo wazaka 7 kapena 8 sanachedwe ayi, pyometra ndi pomwe imayandikira, angomuyeza magazi ndi mtima kaye asanamugoneke.

Tsiku lake nalo limasankhidwa. Pa hiti penipeni mitsempha ya chiberekero imakhala yotupa ndi yofewa, magazi amatayika ambiri, madokotala amatha kuchita koma sakonda. M'miyezi iwiri ya progesterone ija, kuchotsa timatumba kumagwetsa homoniyo mwadzidzidzi nde kutha kudzutsa bere labodza lovuta kutha. Nthawi yabwino ndi pafupifupi miyezi itatu hiti itatha, thupi likupuma, ndipo ngati mawere akadali ndi mkaka mudikire uume. Nchifukwa chake kulemba tsiku lomwe munaona magazi koyamba nkofunika, dokotala adzakufunsani.

Pambuyo pake ndi masiku 10 mpaka 14 osathamanga, osalumpha, osasamba, kolala yapulasitiki ija ikhale m'khosi olo akuyang'aneni momvetsa chisoni bwanji, chifukwa usiku umodzi wonyambita ndi wokwanira kumasula ulusi. Mankhwala opha ululu akhale okhawo omwe dokotala wapereka, ibuprofen ndi diclofenac za anthu zimaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso. Bala likatupa kwambiri, kutuluka mafinya kapena kutseguka, kapena nkhama zikayera galu nkufooka tsiku loyamba kapena lachiwiri, bwererani msanga osadikira kuche. Ndipo ngati patapita miyezi kapena zaka galu wotseketsa wayambanso kutupa kumaliseche amuna nkumamutsatira, kawirikawiri ndiye kuti kachidutswa ka thumba la mazira kanatsalira m'kati ndipo kakugwirabe ntchito, kamapezeka poyeza magazi kapena pa sikani, ndipo kamafunika kukachotsedwa.